Phunziro Lopanda Cholakwa

A Makadi anali munthu woti ukawapempha kuti akuphunzitse chinthu, amakulanda chinthucho n'kuchichita okha, kenako n'kukufunsa ngati wamva. Dzina la Makadilo linachokera ku ntchito yawo. Anali ndi kashopu kopapatiza pakati pa telala ndi wometa tsitsi, momwe ankapangiramo makadi a ukwati, mapepala a mwambo wa maliro ndi zikwangwani za mashopu a anzawo. Mkatimo munali tebulo la kompyuta, pulinta yomwe inkayamba yatsokomola isanagwire ntchito, ndi tebulo lina lalitali pomwe akazi awo ankadulira ndi kupindira makadi. Zaka zonsezi malire anali odziwika: kompyuta ndi ya bambo, chodulira mapepala ndi cha mayi. Mayiwo kompyutayo ankangoidziwira poipukuta fumbi.

Kenako maso a bambo anayamba kuchita chifunga. Poyamba ananamizira sikirini kuti yakalamba. Anagula ina, nayonso inakalamba tsiku lomwelo. Atapita kuchipatala, chokokedwa, dokotala anawauza kuti ndi ng'ala m'maso onse awiri, ndipo afunika opaleshoni, kuyamba ndi lakumanja mwezi wamawa. Anawachenjezanso kuti akachoka pa opaleshonipo, kwa masabata angapo asayerekeze n'komwe kuyang'ana sikirini.

Apa ndiye panagona nkhani. Inali nyengo ya maukwati, pomwe shopuyo imapeza chakudya cha chaka chonse, ndipo tsidya lina la msewu anyamata ena anali atangotsegula shopu ya ntchito yomweyo, ya magetsi othwanima pakhomo. Kutseka masabata angapo kunali ngati kuwagwira dzanja makasitomala n'kuwaperekeza mpaka pakhomo pa anyamatawo.

"Ndiphunzitseni ineyo," mayi anatero m'mawa wina, akupitiriza kupinda makadi. "Ndi zovuta bwanji? Si kumangokankha kanthu ako pa tebulo?"

"Kanthu ako dzina lake ndi mausi," a Makadi anayankha. "Ndipo sikukankha. Ndi luso."

Anayesa ndithu. Mayi anakhala pampando wa bambo, bambo anaima kumbuyo kwawo akupuma ngati ng'ombe. Mayi asanafikitse kamuvi ka pa sikirini pomwe anauzidwa, dzanja la bambo linali litafika kale pa mausi. "Chonchi, chonchi, kenako chonchi. Mwaona?" Mayi sanaone kanthu. Phunzirolo linatha tiyi asanazizire, ndipo tsiku lonselo awiriwo ankalankhulana kudzera mwa makasitomala.

Nzeru inachokera kwa mwana wawo wamkazi, yemwe amagwira ntchito kutali. Atamva dandaulo la mbali zonse ziwiri pa foni, anaseka kaye mpaka kutsamwa.

"Bambo, pali mapulogalamu ojambula zonse zimene zikuchitika pa sikirini, ndi mawu omwe. Inu muzingogwira ntchito yanu mukulankhula. Amayi azidzaonera kanemayo, akafuna abwereze mpaka atope. Ubwino wa kanema ndi woti salanda munthu mausi."

"Ndamva," a Makadi anatero. "Koma sindingangotola pulogalamu iliyonse ngati bowa. Ndiyambe ndayesa."

Mayi atamva mawu oti "ndayesa" anangoyang'ana kudenga. Ankawadziwa amuna awo. Ndi anthu omwe aja anazungulira msika wonse kuyesa maambulera mpaka mvula inatha.

Kuyesa kunayamba. Poti nthawi yosewera panalibe, a Makadi ankayatsa pulogalamu n'kumagwira ntchito yeniyeni ya tsikulo, kenako madzulo n'kuonera zomwe yajambula, nkhope ili pafupi ndi sikirini ngati akufuna kuinunkhiza. Yoyamba inali yaulere, ndipo inajambula bwinobwino, kungoti inalemba dzina lake pakati penipeni pa kanema, zilembo zikuluzikulu.

"Awa ndi makhalidwe a munthu wokubwereka jekete n'kumakutsatira paukwati, akuuza aliyense kuti ndi lake," anatero a Makadi. "Yalephera."

Yachiwiri inali yokongola, mabatani ake osalala ngati maswiti. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Inkati ikajambula mphindi zowerengeka, n'kudula nkhani pakamwa, n'kutulutsa uthenga waulemu kwambiri wopempha kuti munthu ayambe walipira. A Makadi anaikhululukira kamodzi. Kachiwiri inawadula ali pakati pokonza khadi la mwana wa m'busa, ndipo zomwe ananena pamenepo zinali mwayi kuti sizinajambulidwe.

Ina inalemera moti kompyuta inatentha, fani ya mkati n'kuyamba kulira. Wometa anasuzumira pakhomo, lumo lili m'manja, kudzafunsa ngati a neba atsegula chigayo. Ina inajambula zithunzi zokhazokha, mawu ayi. Kamuvi kankangoyenda uku ndi uku mwakachetechete ngati pamaliro.

"Imeneyo ndiye yabwino," mayi anatero ali ku tebulo lawo. "Isungeni, abambo ake. Mwinanso ilipo yoika m'nyumba?"

A Makadi anangopitiriza kuyang'ana sikirini. Munthu wochita kafukufuku sayankha zilizonse.

Tsoka linadza ndi pulogalamu yomaliza, chifukwa inalibe vuto. Mawu ankamveka bwino, kompyuta sinatenthe, dzina lake sinalembe paliponse, ndipo kamuvi inkakazunguliza ndi kabwalo kachikasu koti ngakhale munthu wa ng'ala ankakaona. A Makadi anaifunafuna chifukwa ngati apongozi ovuta. Anaiyesa m'mawa, anaiyesa masana. Anaiyesa pulinta ikugwira ntchito, anaiyesa magetsi atangobwera kumene. Pomaliza analengeza kuti batani lake lofiira lili pakona kwambiri, ndipo ayenera kuonanso ena angapo asanagamule.

"Zengerezu adalinda kwawukwawu," mayi anatero. "Tsiku la kuchipatala silikudikira batani lanulo. Kapena mukufuna anyamata a tsidya lija adzatithokoze?"

A Makadi anakhosomola n'kunamizira kufunafuna chinachake m'dirowa. Zoona zake n'zakuti ankaopa. Ankaopa mpeni wa dokotala, ankaopa kuti mwina masowo sabwereranso. Koma panali mantha ena omwe sakanawatchula ngakhale kwa mwana wawo. Mayi akalephera, shopu ifa. Nanga mayi akakhoza? Ndiye kuti ntchito yonse yomwe inawapatsa dzina ikukwana m'kanema mmodzi, ndipo mwini wake atha kukhala kunyumba osasowedwa ndi munthu. Tsiku lililonse lomwe ankayesa pulogalamu linali tsiku lomwe mpando uja unali udakali wawo.

Masiku atatsala ochepa zedi, anagonja. Anasankha ya kabwalo kachikasu ija, ndipo tsiku lojambula phunziro lenileni anatulukira kuchipinda atavala jekete, tayi, ndi nsapato zopolisha.

"Mukupita kukhoti?" mayi anafunsa.

"Ndikukajambula."

"Si munati imajambula sikirini yokha? Nanga tayiyo aiona ndani?"

"Mawu a munthu wovala tayi amamveka, amake mwana. Inu simungazidziwe."

Kushopu anatseka chitseko, anapempha wometa kuti azimitse wailesi, telala kuti aimitse kaye makina, ndipo anawatuma mayi kukagula mapepala omwe analipo kale. Kenako anakhala tsonga, nakonza kukhosi, n'kuyamba kulankhula ndi mawu omwe palibe anawamvapo chikwatirane, mawu a munthu wowerenga mauthenga achisoni pa wailesi. "Okondedwa ophunzira," anayamba motero, ngakhale wophunzirayo anali mmodzi, yemwe amadziwa ngakhale mkonono wawo. Anafotokoza kufunika kwa khadi pa moyo wa munthu. Anafotokoza mbiri ya shopu. Kenako anapanga khadi la ukwati kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Chifukwa cha masowo, ankaphonya batani kawirikawiri. Akaphonya ankaimitsa, n'kufufuta, n'kuyambiranso pomwe zinali bwino. Sakanalola kuti akazi awo aone katswiri akupapasa. Pofika madzulo thukuta linali litanyowetsa kolala, koma kanemayo anatuluka wosalala: kamuvi kankayenda molunjika ngati msilikali, chithunzi chinkagwera pamalo pake, mawu ankakhala pamzere. Anamutcha PHUNZIRO, zilembo zazikulu. Makanema oyesera aja anawaunjika mu foda imodzi n'kuilemba kuti ZOTAYA.

"Mukafuna chilichonse, chili mu PHUNZIRO," anawauza mayi. "Umu musatsegulemo. Ndi zinyalala, ndidzafufuta ndikabwera."

Opaleshoni inayenda bwino, malinga ndi dokotala. Malinga ndi a Makadi, anawabweza kunyumba ndi diso limodzi lomata, lina la chifunga, magalasi akuda, ndi lamulo loti azingokhala. Anakhala. Anadziwa nthawi yomwe mthunzi umafika pa khonde, anadziwa kuti mpopi wa kubafa umadontha, anadziwanso zonse zomwe a nyumba yoyandikana amakanganirana. Mayi ankalawira m'mamawa n'kubwera dzuwa litapendeka, atatopa, zala zili ndi inki.

"Zikuyenda bwanji?"

"Zikuyenda."

"Phunziro likuthandiza?"

"Munavala bwino tayi," mayi ankatero, n'kulowa kukhitchini.

Yankho limeneli linkawasowetsa mtendere. Mwina shopu inali itagwa kale ndipo mayi ankangowabisira poopa kuti diso lingaphulike. Mwinanso zinkayendadi, zomwe zinali zowawa mwa mtundu wina. Tsiku lina mtima unakana. Atachotsedwa chomata chija, anavala magalasi awo akuda, natenga ambulera ngati ndodo, n'kuuyamba ulendo pang'onopang'ono, akutsatira m'mbali mwa msewu.

Asanafike n'komwe pakhomo la shopu anamva mwamuna akukalipa mkatimo.

"Iwe chithunzi iwe! Wakutuma ndani kuti unenepe chonchi? Mkwatibwi ameneyu akadziona atimangitsa! Bwerera! Ayi, osati uko, chitsiru. Dikira. Eya, gwira pakona, osati pambali. Pakona!"

A Makadi anaima. Magazi anathamanga. Ndi mwamuna uti wopanda mwambo yemwe akukalipa mu shopu yawo, pamaso pa akazi awo? Anakweza ambulera n'kulowa. Mkatimo anapezamo mayi ali pa kompyuta, mayi wina wachikulire atakhala pa benchi ya makasitomala atagwira pakamwa kubisa kuseka, ndi wometa atatsamira chitseko ngati ali ku kanema. Mwamuna wokalipayo ankachokera mu sipika, ndipo anali iwo omwe.

"Aa, mwini wake uja ndi ameneyu!" wometa anatero. "Takulandirani, aphunzitsi. Ife tonse mzere uno tikudziwa tsopano kuti chithunzi amagwira pakona."

Mayi anaimitsa kanemayo, nanyamuka n'kuwagwira mkono amuna awo. Anawakhazika pampando wa pakona, nkhope kuloza kukhoma, msana ku sikirini.

"Dokotala anati chiyani? Mwabwera bwanji nokha?"

"Ndinati musatsegule ZOTAYA," a Makadi ananong'ona, makutu akutentha.

"Munatero."

"Nanga PHUNZIRO?"

"Ndinaonera lonse, mpaka kumapeto, ngati ulaliki. Ndi labwino kwambiri." Mayi anabwerera pampando. "Koma munthu wa mmenemo salakwitsa, abambo ake. Ine ndimalakwitsa pa batani loyamba lomwe. Tsiku loyamba ndinangokhudza pang'ono, nkhope ya mkwati inatambasuka ngati chiwaya. Ndinabwerera ku PHUNZIRO, munthu wa tayi uja akungopitirira ulendo wake, osacheuka. Ndinatsala pang'ono kulira. Ndiye ndinati ndikafune wolakwitsa mnzanga."

"Ndipo anamupeza," wometa anathira ndemanga.

"Ali ndi zonse ameneyu. Chithunzi chikatambasuka ndimapita kwa uja wolemba dzina lake pakati. Mawu akathawa pa khadi ndimapita kwa wachigayo, mumawasaka kumeneko mpaka kuwapeza. Pulinta ikakana pali uja wodula nkhani pakamwa, koma mwamwayi amadula mutakonza kale."

"Nanga wosalankhula uja?" a Makadi anafunsa mwaukali, pofuna kupezako polakwika.

"Ameneyo ndimamuyatsa mutu ukamandiwawa."

Kasitomala uja kuseka kunamupulumuka. Anali azakhali a mkwatibwi, ndipo anali atadikira nthawi yaitali ndithu, koma sankaoneka kuti akudandaula. Wometa anaitanidwa ndi munthu wofuna kumetedwa, napita monyinyirika.

A Makadi anakhala akuyang'ana khoma, akumvetsera ntchito yawo ikugwiridwa ndi munthu wina. Mayi ankachedwa, Mulungu akudziwa. Pomwe iwo akanadina kamodzi, mayi ankadina, n'kuima, n'kudziyankhulira, n'kudinanso. Chithunzi chinawapulumukanso, ndipo anabwezera kanema uja m'mbuyo kuti aonenso. Mawu a a Makadi anayambanso kukalipa, kenako mwadzidzidzi anazilala. Panamveka kuti dzanja lafika pa sipika msangamsanga. Patapita kanthawi mawuwo anakweranso, ali kale pa "gwira pakona".

Pulinta inatsokomola n'kuyamba kulavula makadi. Mayi anawadula, nawapinda, nawamanga ndi mphira. Azakhali aja anatulutsa limodzi n'kuliyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo.

"Mwana wanga watuluka bwino," anatero. "Ndiuza mng'ono wanga abwere konkuno, nayenso akukwatitsa. Mupeze bwino, bambo. Koma mawu muli nawo!"

Atatuluka, mu shopu munangotsala kulira kwa makina a telala kuseri kwa khoma. A Makadi anafuna kusangalala, ndipo mbali ina anasangalaladi: shopu inali moyo, anyamata a tsidya lija sanadye kanthu. Koma mbali inayo zinawawa. Khadi linatuluka, kasitomala anayamika, ndipo iwo anali atangokhala pakona ngati ambulera yawo yomweyo.

"Amake mwana."

"Ee."

"Paja munatsitsa mawu paja, ndinatukwana?"

"Ayi."

"Nanga?"

"Zisiyeni. Mumwa tiyi?"

"Ndikufuna ndimve. Ngati ndinanena zolaula, wometa uja asazimve mawa."

Mayi anatembenukira ku kompyuta. Kenako panamveka kudina, ndipo kanemayo anayamba pomwe panali potsitsidwa paja. Poyamba munalibe mawu, koma phokoso la mausi ikukhwekhwerezedwa pa tebulo, uku ndi uku. Munthu anapuma mozama. Ndiye mawu anabwera, otsika, osakalipa, a munthu yemwe akudziwa kuti ali yekha.

"Kamuvi kapita kuti? Sindikukaona. Sindikukaonadi, Mulungu wanga." Mausi inakhwekhwerezedwanso. "Masowa akakanika ndiye kuti kwanga kwatha. Ndizidzangokhala pakona, amake mwana azidzandilambalala ndi tsache. Ndidzawathandiza chiyani ine?" Mpando unalira. Munthuyo anamina. "Aa, ndi aka. Chabwino. Gwira pakona, osati pambali."

Mayi anaimitsa.

A Makadi anakumbukira masana amenewo. Mayi anali atapita kukasiya makadi kwa kasitomala, ndipo iwo anaiwaliratu kuti pulogalamu ikujambula. Madzulo ake poonera anangoona dzina lija pakati pa kanema, n'kupsa mtima, n'kutseka osafika kumeneko. Tsopano anayamika magalasi akudawo, chifukwa diso lochitidwa opaleshoni ndi losachitidwa lomwe onse anali atayamba kuchucha.

"Mwazimva kangati zimenezi?" anafunsa.

"Chithunzi chimandipulumuka tsiku lililonse. Pokonzera pake pali kuseri kwa mawu amenewo. Ndikanadutsa pati?"

"Osandiuza?"

"Inu munauza kompyuta," mayi anatero. Mawu awo sanali achipongwe ngati masiku onse. "Zaka zonsezi ndili pa tebulo ilo, pafupi pomwepa, inu n'kukauza kompyuta. Zinandiwawa, abambo ake. Ndimadikira kuti mwina mundiuza ine."

A Makadi anatsegula pakamwa kuti afotokoze kuti kunali kuyesa chabe, kuti munthu poyesa maikolofoni amanena zilizonse. Bodzalo linali lokonzeka ndithu, koma linakanika kutuluka. Anapukusa ambulera ija pakati pa mawondo.

"Ndikuopa," anatero. "Diso linalo likudikirabe mpeni, ndipo ili silinayambe kuona bwino. Ndikuopa kwambiri, amake mwana."

Panja munthu wina anali akubwera, envulopu ya zithunzi ili m'manja. Mayi ananyamuka, namupempha mwaulemu kuti abwerenso madzulo, ndipo anatseka chitseko dzuwa lili pamutu, pakati pa nyengo ya maukwati. Anakoka mpando wa pa kompyuta uja mpaka pakona n'kuwatembenuza amuna awo, nakhala moyang'anizana nawo, mawondo atagundana.

"Yambirani poyamba," anatero. "Ndikumva."